Sukulu ya kuseri kwa benchi la mbatata

Amene munadutsapo pa msewu wa M1 m'mamawa mwezi wa June mukudziwa mmene kumazizirira ku Dedza. Nkhungu imakuta phiri lonse, ndipo amayi ogulitsa mbatata ya kachewere pa mphambano yopita ku Bembeke amakhala atafunda zitenje ziwiriziwiri, maso ali tcheru kudikira minibasi. Mmodzi mwa amayiwo ndi mlongo wanga, mayi wa ana awiri. Bambo wa anawo anapita ku Joni mu 2019. Chaka choyamba ankatumiza kangachepe, kenaka foni inangoti zii.

Nditamuyendera tsiku lina Lachiwiri, sukulu zili mkati, ndinapeza mwana wake wamkulu, mtsikana wa zaka 9, atakhala pa thumba kuseri kwa benchi, akulemba ndi khala pa katoni.

"Nanga uyu osapita kusukulu bwanji?" ndinafunsa.

"Achimwene, ndikumuphunzitsa ndekha," iye anayankha. "Wapita zaka zitatu koma kulemba dzina lake lomwe inali nkhondo. M'kalasi mwawo alimo oposa 100. Komanso akapita, kamwanaka andigwirire ndani basi ikaima?"

Musafulumire kumuseka. Mlongo wangayu analekezera Fomu 2 ndipo mutu wake umagwira. Masamu amaphunzitsira pa katundu yemweyo: milu itatu ya matimati ndi ndalama zingati, kasitomala akapereka K5,000 chenji chake ndi chingati. Kuwerenga anayambira pa zilembo za pa matumba a feteleza, kenaka nyuzipepala zakale zokulungira malonda. Usiku amayatsa tochi ya pa foni, awiriwo n'kumayitanizana ma, me, mi, mo, mu mpaka batire kutha. Ndinampatsa mwanayo nyuzipepala yomwe ndinali nayo m'thumba, ndipo anawerenga ndime yonse, mojejema koma osaphonya. Zomwe kalasi inalephera pa zaka zitatu, benchi linazitha pa miyezi yowerengeka.

Kuphunzitsa mwana pakhomo si chachilendo ayi. Tonse tikukumbuka pa 23 March 2020 pamene sukulu zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, n'kudzayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu September. Miyezi imeneyo kholo lililonse linasanduka mphunzitsi, ena mothandizidwa ndi maphunziro a pa wailesi. Kunjaku ndi nkhani yakale. Ku America pofika 1993 zigawo zonse za dzikolo zinali zitavomereza kuti kholo litha kuphunzitsa mwana kunyumba, ndipo ku South Africa lamulo la sukulu la 1996 limalola, bola mwanayo alembetsedwe ku boma. Koma anzathuwo ambiri amakhala ndi mabuku, magetsi, ndi munthu wina pakhomo amene akubweretsa ndalama. Kuno kwathu mphunzitsi, wogulitsa, wophika ndi wotunga madzi ndi munthu mmodzi yemweyo.

Dandaulo la mlongo wanga nalonso ndi lomveka. Boma la a Bakili Muluzi litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, ana a anthu osauka anaona mkati mwa kalasi. Koma zipinda ndi aphunzitsi sizinachuluke pa liwiro lomwelo, ndipo boma linachita kulemba mwachangu aphunzitsi ambirimbiri omwe anali asanaphunzire ntchitoyo. Cholinga cha boma chakhala choti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma pitani m'makalasi ang'onoang'ono akumudzi mukawerenge nokha. Mwana wamanyazi wokhala kumbuyo atha kumaliza chaka mphunzitsi osadziwa dzina lake.

Komabe nditakhala pa benchipo tsiku lonse, ndinaona zomwe zinandisowetsa mtendere. Phunziro likangoyamba, basi yaima. Mayi wanyamula ndowa ya mbatata, liwiro kuthamangira ku zenera. Mwana waponya khala, wabereka mng'ono wake. Pobwerera onse aiwala pomwe analekezera. Tsiku la msika wotentha sukulu kulibe. Tsiku lokaoda katundu kumunda sukulu kulibe. Nyengo yokumba mbatata ndiye musanene. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Pakati pa kasitomala ndi phunziro, kasitomala ndiye amapambana nthawi zonse, pakuti ndiye ufa wa madzulo.

Ndipo tisanamizane apa. Pa zifukwa ziwiri zomwe mlongo wanga anandipatsa, chachiwiri chija ndicho chenicheni. Mwana akufunika pa benchi ngati mlezi. Lero tikuti akuphunzira kunyumba, mawa adzakhala akugulitsa yekha, ndipo akadzafika zaka 14 madalaivala ndi makondakitala adzayamba kumuitana ndi maina ena. Anthu a ku Dedza nkhani imeneyi akuidziwa bwino. Ndi m'boma lomweli mmene Inkosi Theresa Kachindamoto inatchuka dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kuwabwezera anawo kusukulu. Atsikana amenewo sanayambire pa ukwati. Anayamba ndi kujomba.

Palinso mayeso. Lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kuphunzira pulayimale, ndipo khomo la sekondale ndi mayeso a MANEB a Sitandade 8, omwe kupatula phunziro la Chichewa amalembedwa m'Chingerezi. Mayi wa Fomu 2 wotopa ndi dzuwa ndi chisanu angamufikitse yekha mwana pamenepo? Ine ndinasiyira yunivesite panjira chifukwa cha ndalama, ndipo ndikudziwa kuwawa kwake kokhala ndi nzeru m'mutu koma m'manja mulibe pepala. Sindikufuna mphwanga adzazimve.

Apa ndi pomwe chala chinaloza ine. Kwathu kuno timati mwini mbumba ndi malume. Koma amalume a masiku ano timaoneka pa maliro ndi pa chinkhoswe basi, titavala jekete, kuyankhula mwamphamvu. Bambo akathawa timatukwana mkamwini, n'kukwera basi kubwerera ku Lilongwe, mlongo kumusiya ndi katundu yense pamutu. Ine ndinali mmodzi wa iwo.

Tinakhala pansi ndi mlongo wanga mpaka usiku. Tinagwirizana kuti mwana abwerere kusukulu m'mawa uliwonse, ndipo sukulu ya pa benchi ipitirire masana, pakuti ndiyo inamutsegula maso. Kamwana kaja amayi a mabenchi oyandikana amalandizana basi ikaima, monga amachitira kale posinthana chenji. Makope, zolembera ndi juzi ya chisanu ndi udindo wanga mwezi ndi mwezi. Si zambiri, koma mutu umodzi susenza denga.

Inu anzanga ochita malonda mu Limbe, ku Tsoka ndi ku Mzuzu, amene mukulera ana nokha, musaleke kuwaphunzitsa pa benchi, pakuti palibe mphunzitsi amene angamudziwe mwana wanu kuposa inu. Koma belu likalira mumasuleni apite. Ndipo inu ophunzira a ku sekondale ndi ku koleji, tchuthi chikafika musamangozungulira pa sitolo manja ali m'thumba. Pafupi ndi kwanu pali mwana amene sadziwa kusiyanitsa b ndi d, ndipo mayi ake ali ku msika. Ola limodzi pa tsiku silingakupheni.

Sabata yatha mphwanga uja ananditumizira uthenga pa foni ya mayi ake. Anati: "Amalume kope latha." Analemba yekha, popanda cholakwika ngakhale chimodzi.