Mapesi a Mapira Angachepetse Udzu mu Mpunga

Ku Karonga, ku Nkhotakota ndi m'madambo ozungulira nyanja ya Chilwa, ntchito yoŵaŵa koposa pa ulimi wa mpunga ndiyo yozulira udzu. Amayi amaŵerama m'matope kuyambira mbandakucha, ndipo ana ena amajomba kusukulu kuti athandize makolo. Mankhwala a m'sitolo opha udzu ndi okwera mtengo, komanso akathiridwa mosasamala amatsikira m'mitsinje momwe timatunga madzi ndi kuŵedza nsomba. Kodi Mlengi sanatiikire chithandizo china m'zomera zomwezi?

Ambiri a ife tinaonapo kuti patsinde pa bulugamu sipamera zambiri. Chifukwa chake si mthunzi wokha. Zomera zina zimatulutsa madzi m'mizu ndi m'masamba amene amalepheretsa zinzake kumera ndi kukula. Katswiri wa zomera wa ku Austria, Hans Molisch, analemba za chinthu chimenechi m'chaka cha 1937. Mpunga nawo uli ndi mphamvu yotere. M'chaka cha 1973 akatswiri a ku Japan anapeza m'mankhusu ake mankhwala otchedwa momilactone, ndipo pambuyo pake kunadziŵika kuti mizu ya mpunga imawatulutsanso, nafooketsa udzu womera pafupi.

Amene anasandutsa nzeruyi kukhala ntchito ya kumunda ndi aphunzitsi a zaulimi a ku yunivesite ya ku Faisalabad, m'dziko la Pakistan, motsogozedwa ndi Zahid Ata Cheema. Iwo amaduladula mapesi ouma a mapira okhwima, naviika kilogalamu imodzi m'malita 10 a madzi kwa maola 24. Atatero amasefa madziwo ndi kupopera m'munda udzu ukadali wanthete. Anayamba ndi tirigu, kenaka anayesanso mu mpunga, nthaŵi zina posakaniza ndi madzi a mpendadzuŵa.

Komatu tisanamizane. Madzi ameneŵa sapsereza udzu wonse monga achitira mankhwala a m'sitolo. Amangoufooketsa, ndipo kaŵirikaŵiri udzu umene umachepa sufika theka. Phindu lalikulu limene anapeza ndi lakuti, powasakaniza ndi mankhwala ogula, mlimi angathe kuchepetsa mlingo wa mankhwalawo, ndalama zina nkutsala m'thumba. Tidziŵenso kuti madzi amphamvu kwambiri angapweteke ndi mpunga womwe.

Tsono kusalaza ndime, kuwokera m'mizere, kusunga madzi okwanira m'munda ndi kuzulira msanga sitingazisiye ayi. Koma kumene mapira amalimidwa, monga ku Chikwawa ndi ku Nsanje, mapesi amene ena amangotentha ndi chuma. Makolo, kambiranani ndi alangizi a zaulimi, ndipo muyambe ndi kandime kamodzi. Achinyamata a mumpingo, yesani ndime ziŵiri zoyandikana, ina yopopera, ina yosapopera, nimulembe zimene muone. Munda tinapatsidwa kuti tiulime ndi kuusunga, ndipo kuphunzira za zomera zake ndi mbali ya udindo umenewo.