Nyama ya ng'ombe ya msuzi wokoma, mchere wochepa

Disembala akafika ku Leeds kuno, dzuwa n'kumalowa 4 koloko isanakwane, mtima umangolakalaka nsima yotentha ndi nyama ya ng'ombe ya msuzi wambiri. Koma ngati adokotala anakuuzani kuti BP yanu, kapena ya amayi amene mukukhala nawo, yakwera, ndiwo imeneyi imayamba kudetsa nkhawa. Simukufunika kuisiya. Chofunika ndi kudziwa komwe mchere umabisala.

Bungwe la NHS limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 6 a mchere pa tsiku, womwe ndi pafupifupi supuni imodzi yaing'ono ya tiyi. Limanenanso kuti anthu akuda ochokera ku Africa ndi ku Caribbean ali pachiopsezo chachikulu cha matenda othamanga magazi. Matendawa nthawi zambiri sapweteka, koma amatha kuyambitsa sitiroko, matenda a mtima ndi a impso.

Mchere wambiri umene timadya kuno si umene timathira ndi dzanja. Umabwera uli kale m'zakudya zogula monga buledi, masoseji, komanso timakyubu ndi ufa wopangira msuzi monga Oxo, Knorr ndi Bisto. Mukaponya kyubu mumphika kenako n'kuthiranso mchere, ndiye kuti mwathira kawiri. Soda yemwe timathira mu therere nayenso ali ndi sodium, chinthu chomwecho chimene chimakweza BP mumchere.

Choncho pogula, werengani paketi. Chakudya chokhala ndi mchere woposa magalamu 1.5 pa magalamu 100 alionse chimalembedwa ndi mtundu wofiira. Chosaposa magalamu 0.3 chimakhala chobiriwira. Ngati alemba sodium yekha, chulukitsani nambalayo ndi 2.5 kuti mupeze mchere wake.

Tsopano tiyeni kukhitchini. Ku mabutchala a mumsika wa Kirkgate, pemphani theka la kilogalamu la shin, nyama ya pamwendo ija, ndipo ikakhala ndi fupa ndi bwino kwambiri. Imakwanira anthu anayi. Konzaninso anyezi awiri, adyo, jinja, matimati atatu, makaroti awiri, tsabola, supuni ya fulawa ndi ndimu.

Ipukuteni nyamayo kuti iume. Tenthetsani mafuta pang'ono, ndipo ikazingeni pang'onopang'ono, osaiunjika, mpaka ifiire mbali zonse. Apa m'pamene pagona kukoma konse. Ichotseni, muike anyezi pa moto wochepa kwa mphindi 15 mpaka afiire osapserera. Onjezerani adyo, jinja ndi matimati, zipse mpaka mafuta aonekere pamwamba. Wazani fulawa, takasani, kenako thirani madzi otentha uku mukupala zomata pansi pa mphika. Zomatazo musazitaye, ndiwo msuzi wanu. Bwezerani nyama, ikani makaroti, vundikirani, ziwire pa moto wochepa kwa maola awiri.

Mukaphula, finyirani ndimu pang'ono n'kulawa. Kuwawasa kwa ndimu ndi kuyabwa kwa tsabola kumapangitsa lilime kusaufuna kwambiri mchere. Ngati mukuona kuti ukufunikabe, thirani kotala la supuni yaing'ono mumphika wonse, moyeza, osati mongotapa. Botolo la mchere lisafike patebulo.

Masiku oyamba a m'nyumba akhoza kudandaula kuti ndiwo yasukuluka. Musafooke. Muzichepetsa pang'onopang'ono, ndipo pakatha masabata ochepa lilime limazolowera. Phikani mphika umodzi wa banja lonse, kuti wodwalayo asamadye zake payekha ngati walangidwa.

Chenjezo limodzi: mchere wolowa m'malo monga LoSalt uli ndi potassium. Ngati muli ndi vuto la impso kapena mukumwa mankhwala a BP, yambani mwafunsa adokotala musanaugwiritse ntchito. Ndipo kuchepetsa mchere si chifukwa chosiyira mankhwala.

Ngati muli ndi zaka 40 kapena kuposerapo ndipo simunayezetse posachedwapa, mafamase ambiri ku England amayeza BP kwaulere. Tsiku lopita kukagula nyama ku Kirkgate, dzerani kufamase kaye. Ndipo mukamaimbira foni kumudzi sabata ino, afunseni makolo kuti anayezetsa liti.