Ulendo wa pa Sitima ya Ilala: Musanatsike pa Doko, Yambani Mwafunsa

Ife a kuno ku Petauke ndi ku Nyimba, madzi aakulu amene tinakula tikuwadziwa ndi a mtsinje wa Luangwa, ndipo ambiri mwa ife sitinakwerepo cina coposa bwato la msodzi. Komatu Nyanja ya Malawi siili kutali monga mmene ena amaganizira. Munthu wonyamuka m'mamawa angathe kukagona ku Lilongwe tsiku lomwelo, mawa lake n'kukaona madzi aja ndi maso ake. Cotero banja, gulu la amai, kapena aphunzitsi ndi ana a sukulu amene akusonkha ndalama za cimanga ndi nshawa kuti akakwere sitima ya pamadzi, sakulota maloto acabe.

Koma ndalama zotere sizibwera kawiri pa caka. Ulendo wa pa sitima umakomera kapena kuonongekera pa madoko, pamene munthu ayenera kusankha: kodi nditsike kapena ndikhale? Ndifike patali bwanji? Ndibwerere nthawi yanji? Wosakonzekera amatha ulendo wonse ali m'sitima osaona kanthu, kapena amatsika osafunsa, pobwera n'kupeza sitima yapita pamodzi ndi katundu wake. M'nkhani ino tikufuna tithandizane kukonza zimenezi tisanacoke pakhomo.

Sitima ya dzina la kwathu

Sitima yochuka pa nyanjayi ndi Ilala. Dzinali linacokera m'dziko lathu lino. Ilala ndi dziko la Alala, tsidya lija la Luangwa, kumene Dr David Livingstone anamwalirira m'mudzi wa Mfumu Chitambo m'caka ca 1873. Amishoni a ku Scotland amene anabwera pambuyo pake anapatsa sitima yao yoyamba dzina limeneli, ndipo inalowa m'nyanja mu Okutobala 1875, anthu atainyamula zidutswazidutswa polambalala mathithi a mtsinje wa Shire. Ilala imene tikunena lero inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow mu 1949, inabwera nayonso zidutswazidutswa, ndipo inayamba nchito mu 1951. Inalowa m'malo mwa sitima ya Vipya, imene inamira ndi namondwe pa 30 Julaye 1946, ndipo anthu 145 anafa.

Nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 560, ndipo malo ena ndi yakuya pafupifupi mamita 700. Kwa zaka zambiri Ilala yakhala ikunyamuka ku Monkey Bay, kumwera, tsiku Lacisanu, kukafika ku Chilumba, kumpoto, ca m'ma Lamulungu, ndi kubwereranso ku Monkey Bay ca m'ma Lacitatu. Ndandanda imeneyi imasinthidwa, madoko ena amacotsedwapo ena n'kuikidwapo, ndiponso popeza sitimayi ndi yokalamba, nthawi zina imaimitsidwa kwa miyezi kuti ikonzedwe. Cifukwa cake nchito yoyamba ya mtsogoleri wa gulu ndi kufunsa kwa oyendetsa sitima ngati ikuyenda sabata imeneyo, asanalipire ngakhale tikiti ya basi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Pa ndandandayi pali cinthu cimodzi cothandiza kwambiri. Sitima imadutsa pa doko lililonse la pakati kawiri pa sabata, popita kumpoto ndi pobwera kumwera. Amene akufuna kuona malo mosathamanga angathe kutsika popita, n'kugona pamenepo masiku awiri kapena atatu, n'kudzakweranso sitima pobwera. Koma ikawasiya pobwerapo, adzaidikira masiku angapo ndalama zikutha.

Kucokera ku Petauke kufika ku doko

Njira yathu ndi ya mseu wa Great East, kudzera ku Sinda, Katete ndi Chipata, mpaka pa malire a Mwami ndi Mchinji. Kuyambira mu Disembala 2022 maofesi a maiko awiriwa anaikidwa pamalo amodzi, cotero mapepala onse amaonedwa pamenepo. Mzambia safunika viza polowa m'Malawi, koma aliyense, ngakhale mwana, akhale ndi pasipoti kapena cikalata coyendera covomerezeka. Ndalama za maiko onse awiri dzina lake ndi kwacha, koma mphamvu zao n'zosiyana. Sinthani ndalama pamalo ovomerezeka, ndipo mukhale ndi zosweka zokwanira, pakuti pa madoko aang'ono simudzapeza banki.

Kucokera ku Lilongwe mumatsikira ku Salima, kenaka n'kulowera kumwera. Pa njira imeneyi, pafupi ndi Mtakataka, pali mishoni ya Mua imene inatsegulidwa mu 1902 ndi ansembe a White Fathers, omwewo amene anatsegula Minga kuno kwathu. Kumeneko Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a KuNgoni mu 1976, ndipo nyumba yake ya Chamare imasunga mbiri ndi miyambo ya Acewa, Angoni ndi Ayao. Amene ali ndi tsiku lapadera asadutse osaima. Cofunika n'cakuti mufike ku Monkey Bay dzulo lake la tsiku lonyamuka sitima. Mukafika msanga kuposa apo, pitani ku Cape Maclear, kumene kuli manda a amishoni oyamba a Livingstonia a mu 1875, ndiponso nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park, imene bungwe la UNESCO linaiika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984 cifukwa ca mitundu yambirimbiri ya nsomba zochedwa mbuna.

Nthawi ya pa doko amailamula ndi katundu

Tiyenera kumvetsa kuti Ilala sinapangidwire alendo okaona malo okha. Ndiyo basi ndi lole ya anthu a m'mphepete mwa nyanja. Imanyamula matumba a cimanga ndi simenti, malata, njinga, nkhuku, mbuzi ndi madengu a usipa wouma. Kutalika kwa nthawi imene imaima pa doko kumadalira kuculuka kwa anthu ndi katundu wotsitsa ndi wokweza. Lero ingaime ora limodzi, sabata yamawa maora anai pa doko lomwelo. Mphepo ikaicedwetsa, doko limene munayembekeza kuliona masana mungafikepo pakati pa usiku.

Cotero pa doko lililonse, musanatsike, mtsogoleri afunse anchito a m'sitima nthawi imene akuyembekeza kunyamuka, ndipo auze gulu kuti libwerere nthawi ikadalipo yambiri. Ngati sitima ikuima kanthawi kocepa, musapite kumene simungamve kulira kwa lipenga lake. Tikiti, pasipoti, ndalama ndi mankhwala zikhale pathupi panu, osati m'cikwama cotsala m'sitima. Mmodzi kapena awiri atsale kulondera katundu, ndipo muzisinthana kuti aliyense aoneko. Potsika muwerengane, pokwera muwerenganenso.

Zoona pa madoko

Nkhotakota ndi mudzi wakale wa malonda a akapolo ndi minyanga. Kumeneko kuli mtengo umene anthu amaukumbukira kuti Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863, ndiponso chalichi ca Anglican mmene munaikidwa Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895. Malo awiriwa ali m'tauni momwemo. Koma nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, kumene anasamutsirako njobvu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017, imafuna galimoto ndi tsiku lathunthu. Si malo oti munthu n'kuthamangirako sitima ikudikira. Ngati sitima siikuima pa Nkhotakota nyengo imeneyo, mungafikeko pa mseu wocokera ku Salima.

Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba za Malawi, ngakhale zili pafupi kwambiri ndi gombe la Mozambique. Likoma ndi cilumba ca milambe yambiri, ndipo cochuka koposa ndi chalichi cacikulu ca St Peter, ca mpingo wa Anglican. Anayamba kucimanga mu 1903 ndipo cinapatulidwa mu 1911, pamalo ochedwa Chipyela, pamene kale ankaocherapo anthu oganiziridwa ufiti. Sicili patali ndi pamene anthu amatsikira, cotero sitima ikaima maora angapo masana mungathe kukaciona wapansi. Komabe Likoma ndi pamene tikulangiza kuti gulu ligone, n'kudzakwera sitima pobwera. Funsirani malo ogona musanafike, makamaka ngati muli ambiri. Musalole munthu wa boti kukukopani kuti mukaponde ku Cobue, tsidya la Mozambique, popanda kudinditsa mapepala. Ngakhale pakuoneka pafupi, limenelo ndi dziko lina.

Nkhata Bay, kwao kwa Atonga, ndi doko lalikulu la kumpoto. Sitima kawirikawiri imakhalitsa cifukwa ca katundu. Pano ndi pogulira zakudya, zipatso ndi madzi, ndi podyera nsima ya kondowole ndi nsomba. Pa doko limeneli, pa 3 Malichi 1959, asilikali a boma la atsamunda anaombera anthu amene anasonkhana pomva kuti atsogoleri ao atsekeredwa m'sitima ya Mpasa, ndipo anthu osacepera 20 anaphedwa. Amalawi amakumbukira tsikuli caka ciliconse. Popeza ulendowu umadutsa pa Lamulungu, ndi bwino kudziwa kuti ku Nkhata Bay kuli parishi ya Dayosizi ya Mzuzu. Amene safuna kuphonya Misa aone ndandanda bwino, mwina n'kutsikiratu pamenepo.

Usisya ndi Ruarwe ndi midzi ya m'tsinde mwa mapiri ogwera m'nyanja, kumene mseu ndi wovuta kapena kulibe. Kukongola kwake kumaoneka bwino munthu ali pamwamba pa sitima. Pamenepa tikulangiza kuti musatsike, pokhapokha mutakonza zogona, pakuti sitima siicedwa, ndipo ikakusiyani palibe basi yoti muithamangire.

Chilumba ndi kothera ulendo. Pamwamba pa mapiri a kumwera kwake pali Livingstonia, kumene Dr Robert Laws anasamutsira mishoni mu 1894, atacoka ku Bandawe cifukwa ca malungo. Kuli nyumba yake ya miyala imene tsopano ndi yosungiramo zakale, ndiponso mathithi a Manchewe. Mseu wokwera kucokera ku Chitimba uli ndi makona akuthwa pafupifupi 20, ndipo umafuna galimoto yamphamvu. Wofuna kuona Livingstonia atsanzikane ndi sitima pa Chilumba, n'kudzabwerera pa mseu wa ku Mzuzu.

Boti, mphepo ndi matenda

Pa madoko opanda mlatho sitima imaima patali, ndipo anthu amapita kumtunda pa maboti aang'ono a sitimayo. Apa ndi pamene pali ngozi yaikulu, cifukwa aliyense amafuna kulowa m'boti yoyamba. Musakankhane nao. Dikirani boti yaciwiri kapena yacitatu, ndipo mukaona kuti yadzaza kwambiri musakwere. Ambiri mwa ife sitidziwa kusambira. Mwana aliyense akhale ndi wamkulu wake womugwira dzanja, ndipo okalamba ndi amai oyembekezera ndi bwino atsikire pa madoko a mlatho okha. Kawirikawiri boti siifika pouma, munthu amatsikira m'madzi ofika m'maondo kapena kupitirira, cotero mapepala ndi foni zikulungidwe m'pulasitiki.

Nyengo nayo iganiziridwe. Kuyambira ca mu Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mphepo ya kumwera yochedwa mwera, imene imautsa mafunde aakulu, kucedwetsa sitima ndi kusanzitsa anthu. Vuto lake n'lakuti miyezi imeneyi ndi imene ife alimi timakhala ndi ndalama m'thumba. Amene angathe kusunga ndalama zao mpaka Seputembala kapena Okutobala amapeza nyanja yofatsirako, ngakhale kumatentha. Usiku pa nyanja pamazizira, cotero bulangeti lisatsale.

M'mphepete mwa nyanja muli malungo, ndipo neti ya udzudzu ndi yofunika monga mmene iliri kwathu. M'madzi odikha a m'mabango muli nkhono zofalitsa likodzo, ndipo malo ena muli ng'ona ndi mvuu. Funsani eni dera musanalole ana kulowa m'madzi, ndipo amene asambira akapimitse ku cipatala patapita milungu ingapo atabwerera. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo maboma a kunyanja anakhudzidwa kwambiri. Imwani madzi owiritsa kapena a m'botolo, idyani cakudya cikadali cotentha, ndipo sambani m'manja ndi sopo.

Ndife alendo

Malo amene ife timati okaona, kwa eni ake ndi pakhomo. Gombe ndi pamene amai amacapira ndi kusambira, ndi pamene asodzi amayanika makoka ao. Tisajambule munthu osapempha, tisaponde pa makoka, ndipo polowa m'chalichi ca mpingo wina kapena poyandikira mzikiti tisonyeze ulemu umene timafuna kuti alendo asonyeze kwathu. Mnyamata wokulondolerani njira mugwirizane naye mtengo musanayambe kuyenda, kuti pasakhale mkangano sitima ikulira. Cilankhulo sicidzativuta, pakuti ngakhale kwa Atonga ndi Atumbuka anthu ambiri amamva Cinyanja.

Pomaliza, musafune kuona zonse pa ulendo umodzi. Khalani pansi monga banja kapena gulu, sankhani madoko awiri amene mukufuna kuwaona bwino, lembani masiku ake, ndipo patulani ndalama ya masiku awiri oonjezera yoti isakhudzidwe, kucitira kuti sitima yacedwa. Ndalama ya basi yobwerera ku Petauke isungidwe payokha ndi munthu wokhulupirika. Mukatero mudzabwera ndi nkhani zoti ana ndi adzukulu azimva madzulo, ndipo nchito ya kumunda idzakupezani mutafika kale pakhomo.