Amene amatipatsa mankhwala amaphunzira kuti?

Yunivesite ya boma ya Zambeze, yomwe likulu lake lili ku Beira, ili ndi nthambi ya zaumoyo mumzinda wa Tete. Kumeneko amasula akatswiri a mankhwala, aja timawapeza mu farmácia. Wofuna kulowa ayenera kumaliza kalasi 12 ndi kukhoza mayeso olowera.

Amaphunzira kapangidwe ka mankhwala, mlingo woyenera mwana ndi wamkulu, komanso kasungidwe kake, poti dzuwa ndi chinyezi zimawononga mapiritsi. N'chifukwa chake, alimi anzathu, mankhwala a malungo oyalidwa pamsika wa m'malire ndi osadalirika: wogulitsayo sanaphunzire zimenezi. Thupi likatentha, kayezetseni magazi kuchipatala. Mukalandira Coartem, imwani masiku onse 3, ngakhale mutayamba kupeza bwino.