Abale Awiri a ku Balaka ndi Cholowa cha Nyimbo za Mulungu

M'matchalitchi a ku Chiringa, ndi m'midzi yonse yozinga phiri la Michesi, si chinthu chachilendo kuona banja limodzi litaimirira pamaso pa mpingo, bambo ndi mayi pamodzi ndi ana awo, kuimba nyimbo ya Mulungu atagawana mawu bwino lomwe. Aphunzitsi athu awadziwa mabanja otere, pakuti ana ake ndiwo atsogolera nyimbo pa msonkhano wa m'mawa kusukulu. Koma awerengi adzavomereza kuti magulu amenewa sakhalitsa. Aimba zaka zisanu kapena khumi, kenaka angoti zii. Chifukwa chake sichisowa. Kuno kwathu mwana wamwamuna akakula apita kuchikamwini, ndipo mawu a besi apita naye pamodzi. Wina apita kukafuna ntchito ku minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi ku Thyolo, wina ku Blantyre, wina ku Joni. Bambo akamwalira, nyimbo zimene anapeka, zosalembedwa ndi zosajambulidwa, zikwiriridwa naye m'manda.

Tsono funso limene tifuna kulisanthula pa tsamba lino ndi ili: kodi mphatso ya banja limodzi ingatani kuti isafe pamodzi ndi eni ake? Yankho lake sitikalifuna kutsidya la nyanja ayi. Lili m'dziko momwe muno, ku Balaka, boma limene lili lofanana msinkhu ndi lathu la Phalombe, popeza onse awiri anakhazikitsidwa m'chaka cha 1998, Balaka atapatuka ku Machinga ndi Phalombe ku Mulanje. Kumeneko kunachokera abale awiri a bere limodzi, Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius Banda, amene mbiri yawo iyenera kudziwika kwa munthu aliyense wogwira ntchito ndi ana.

Chiyambi chake pa parishi

M'chaka cha 1978 wansembe wa ku Italy wa chipani cha Montfort, Bambo Mario Pacifici, anasonkhanitsa anyamata a pa parishi ya Balaka nayamba nawo gulu loimba limene linatchedwa Alleluya Band. Nthawiyo nkuti Msonkhano Waukulu wachiwiri wa ku Vatican, umene unachitika kuyambira 1962 kufikira 1965, utatsegula kale khomo lakuti Akatolika apembedze m'zinenero zawo ndi m'maimbidwe a kwawo. Ngakhale zinali tero, gitala wa magetsi anali chida chimene anthu ambiri ankachidziwira ku madansi ndi ku malo omwera, ndipo kumulowetsa pa ntchito ya Mulungu kunafuna kulimba mtima. Paul Banda ndiye anadzakhala mtsogoleri wa gululi, woimba, wopeka nyimbo ndi wophunzitsa anzake.

Mng'ono wake Lucius anabadwa pa 17 August 1970 m'mudzi wa Sosola. Anayamba kuimba ndi mkulu wakeyo mu 1983, ali ndi zaka 13, ndipo mu 1985 anaonekera koyamba pamaso pa anthu m'gulu la Alleluya. Apa tionapo kale chinthu chimene chisiyanitsa banja ili ndi mabanja ambiri a oimba. Luso linali la pa mtundu ndithu, ndipo mkulu anaphunzitsa mng'ono monga achitira abale kulikonse. Koma zida sizinali za banja, dzina la gulu silinali la banja, ndipo pa mpando woyeserera nyimbo pankakhalanso ana a eni ake. Mwana wa ku Sosola ankagwira gitala yemweyo amene mwana wa mudzi wina anagwira dzulo lake. Ichi chioneka chaching'ono, komatu ndicho chinapulumutsa gululi pamene abale awiriwa anatenga njira zina. Utsogoleri unapita m'manja mwa ena, monga Charles Sinetre ndi Coss Chiwalo, ndipo mu 2018 Alleluya Band inakwanitsa zaka 40, itayenda maulendo ambiri okaimba ku Italy.

Ntchito ya mkulu

Anthu akamasimba za banja ili athamangira kutchula mng'ono, chifukwa ndiye anatchuka kopambana. Ife tiganiza kuti ntchito ya mkulu siyamikiridwa mokwanira, ndipo tifuna kuimapo pang'ono.

Awerengi achikulire akumbukira kuti kuyambira 1964 kufikira zaka za m'ma 1990 dziko lino linali ndi nyumba imodzi yokha ya wailesi, ya MBC. Woimba wofuna kumveka ankayenera kupita ku Blantyre, kukajambulitsa m'nyumba ya wailesiyo, ndi kubwerera kwawo kukadikira tsiku limene nyimbo yake idzaulutsidwe. Ankatchuka dzina, koma m'manja mulibe kanthu koti agulitse. Paul Banda anatsegula ku Balaka nyumba yojambulira nyimbo yotchedwa Imbirani Yahwe, imene anthu anazolowera kuitchula IY, ndipo m'zaka za m'ma 1990 makaseti ambiri amene anadzaza misika ndi mabasi a m'dziko muno anachokera m'nyumba imeneyi. Ogulitsa a ku Limbe, makamaka sitolo ya O.G. Issa, ankawafalitsa kufikira ku misika ya kumidzi, ndipo sitikayika kuti m'nyumba zina za ku Chiringa ndi ku Migowi makaseti amenewa akali m'mabokosi, ngakhale choimbira chake chinafa kale.

Maimbidwe amene anatuluka kumeneko anthu anawatcha a ku Balaka: kugunda kwa rege kofatsa, limba lotsogolera, ndi mawu a Chichewa omveka bwino kotero kuti ngakhale gogo sangafunse kuti akuti chiyani. Akatswiri ena anadandaula kuti nyimbo za nthawi imeneyo zinafanana kwambiri, ngati zophikidwa mumphika umodzi, ndipo dandaulo limeneli lili ndi choona chake. Koma tisaiwale kuti mphikawo usanabwere ambiri sankaphika konse. Tauni yaing'ono ya pa njanji, yopanda fakitale yaikulu, inasanduka likulu la nyimbo la dziko lonse, ndipo chinachititsa ndicho chipinda chimodzi chokhala ndi makina ndi munthu wodziwa kuwagwiritsa ntchito.

Njira ya mng'ono

Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mu 1993 Lucius Banda anapita ku Johannesburg kukaphunzira za nyimbo ku Dorkay House, ndipo kumeneko anajambula chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, chimene chinatuluka mu 1994. Tiyenera kukumbukira nyengo imene chimbalechi chinabadwira. Pa 8 March 1992 m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya Aepiskopi yonena za umphawi, chilungamo ndi ufulu wolankhula, ndipo kalatayo inasindikizidwa ku Balaka komweko, pa makina a ansembe a Montfort. Pa 14 June 1993 anthu anaponya voti ya riferendamu nasankha ulamuliro wa zipani zambiri, ndipo pa 17 May 1994 kunachitika chisankho chachikulu. Mnyamata wokulira pa parishi imeneyo m'zaka zimenezo sakanatha kuimba za kumwamba zokha. Nyimbo yake ya Mabala inanena poyera zowawa zimene anthu anali atazisunga m'mitima kwa zaka zambiri, ndipo posachedwa anthu anam'patsa dzina lakuti Soja, ndiye kuti msilikali wa amphawi.

Pali ena amene anena kuti pamenepa Lucius anasiya nyimbo za Mulungu natsata za dziko. Ife sitivomereza msanga mawu amenewa. Munthu akayang'ana maina a zimbale zake, monga Down Babylon cha 1995 ndi Yahweh, aona kuti chinenero chake chinali chikhalirebe cha m'Buku Lopatulika, ndipo kudzudzula olemera chifukwa cha amasiye ndi osauka ndi ntchito imene aneneri Amosi ndi Yesaya anaiyamba kalekale. Zotere zinachitikanso ku America. Banja la Roebuck Staples ndi ana ake, lotchedwa Staple Singers, linayamba kuimba m'matchalitchi a ku Chicago, ndipo m'zaka za m'ma 1960 linatsagana ndi Mbusa Martin Luther King poimba za ufulu wa anthu akuda. Nalonso linanenedwa ndi ena a mumpingo kuti lasochera. Chimene tingavomereze nchakuti bwalo la zisangalalo lili ndi mayesero ake amene guwa lilibe, ndipo si nyimbo zonse za Lucius zimene zingaimbidwe pa Misa.

Mu 1997 anayambitsa gulu lakelake, Zembani Band, ndipo m'menemo anabwereza chimene iye mwini anachitiridwa ali mwana. Oimba monga Mlaka Maliro, Billy Kaunda, Paul Chaphuka ndi Wendy Harawa ali m'gulu la amene anathandizidwa ndi dzanja lake poyamba ntchito yawo. Palibe mmodzi wa iwo amene anali wa banja la a Banda a ku Sosola.

Za ndale zake tingozitchula mwachidule, pakuti si mutu wa nkhani ino. Anasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo wa kumpoto kwa Balaka mu 2004, anataya mpandowo mu 2006 pa mlandu umene unam'khalitsa miyezi ingapo m'ndende ya Zomba, nabwereranso ku Nyumbayo mu 2014. Mu 2010 anayambitsa chikondwerero cha nyimbo cha Sand Music Festival, ndipo pambuyo pake anakhala mlangizi wa Pulezidenti Lazarus Chakwera pa za achinyamata ndi zaluso. Anamwalira pa 30 June 2024 ku chipatala cha Sunninghill ku Johannesburg, atadwala impso kwa nthawi yaitali, ali ndi zaka 53, nasiya zimbale pafupifupi 20. Anaikidwa kwawo ku Balaka.

Dziko lino laonanso mabanja ena a oimba: a Chitheka Family m'nyimbo zauzimu, a Kamwendo Brothers kumene kunachokera Ethel Kamwendo Banda, ndi abale Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka m'nyimbo za kwela. Onsewa ali ndi ulemu wawo. Koma ndi ochepa amene anasiya m'mbuyo mwawo khamu la oimba osakhala abale awo monga anachitira a ku Balaka.

Nanga kuno ku Phalombe?

Sitinganene kuti dera lathu lisowa chuma cha maimbidwe. Gule wa Alhomwe wa tchopa analembedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2014 m'kaundula wa miyambo yofunika ya anthu a pa dziko lonse lapansi, ndipo mwana wokulira pakati pa ng'oma zimenezi sasowa chomuphunzitsa kugunda kwa nyimbo. Sitinganenenso kuti tisowa choimba. Napolo wa mu March 1991 anatsika m'phiri la Michesi napha anthu mazanamazana, ndipo mu March 2023 namondwe wa Freddy anakokolola midzi, milatho ndi minda m'boma lino ndi m'maboma oyandikana nalo, napha anthu oposa 1,000 m'dziko lonse. Monga mwa mwambo wathu, pa maliro otere makwaya ndi mabanja ndiwo achezera kuimba kufikira tambala, ndipo opeka nyimbo sakhala chete pa chisoni chachikulu chotero. Funso nlakuti, nyimbo zimenezo zili kuti lero, ndipo mdzukulu wa mu 2050 adzazimva bwanji?

Apa ndipo pali gawo la aphunzitsi ndi anthu a ntchito za Boma. Bambo Pacifici sanabweretse luso kuchokera ku Italy. Analipeza pa Balaka pomwepo, nalipatsa denga ndi zida. Masiku ano denga limenelo silifunanso chuma chambiri monga kale, popeza foni ya m'manja yabwino ijambula mawu momveka, ndipo kompyuta imodzi ichita ntchito imene kale inkafuna chipinda chodzaza makina. M'masukulu a pulaimale muli kale phunziro la zaluso lotchedwa Expressive Arts, ngakhale tidziwa kuti pa masukulu ena nthawi yake idyedwa ndi masamu ndi Chingerezi mayeso a Sitandade 8 akayandikira. Mphunzitsi wodziwa kulemba nyimbo m'zizindikiro za do, re, mi, monga ankaphunzitsira amishoni, akhoza kukhala ndi banja loimba madzulo awiri kapena atatu ndi kusunga m'kope nyimbo khumi zimene zikanatayika. Ndipo kwa mabanjawo tinena mwaulemu kuti kulandira mwana wa mnansi m'gulu si kuchepetsa dzina la banja. Mkamwini wobwera m'mudzi nayenso ali ndi pakhosi. Besi amene anapita kukakwatira kwina akhoza kulowedwa m'malo ndi besi amene wabwera kudzakwatira kuno.

Chotsala ndi nkhani ya malamulo, imene oimba a m'matchalitchi ambiri saiganizira, poyesa kuti nyimbo ya Mulungu ilibe mwini wake pansi pano. Lamulo loteteza umwini wa ntchito zaluso linakhazikitsidwa mu 1989, bungwe la COSOMA linayamba ntchito mu 1992 kuti lizitolera ndalama za opeka nyimbo kwa ozigwiritsa ntchito, ndipo mu 2016 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo latsopano m'malo mwa lakalelo. Bungweli silingalipire nyimbo imene silikuidziwa, motero wopeka ayenera kulembetsa dzina lake ndi ntchito zake. Mlangizi wa zachitukuko kapena mphunzitsi wamkulu angathe kuthandiza banja la kumudzi kudzaza mapepala ake. Monga mwa lamuloli, umwini wa nyimbo ukhala moyo wonse wa woipeka ndi zaka zina 50 iye atamwalira, kutanthauza kuti nyimbo zimene anapeka Lucius Banda zidzakhala m'manja mwa olandira chuma chake kufikira chaka cha 2074.