Mawatsi a pakatoni, makutu a ku Kawale

Anthu amene anakula ndi gumbagumba, wayilesi za Supersonic zochokera ku Bulawayo kapena za Nzeru zolumikizidwa ku Blantyre ali ndi dandaulo limodzi: akuti masipika a masiku ano ndi phokoso lokhalokha, nyimbo mulibe. Akuti chidzazireni katundu wotchipa m'mashopu a ku Old Town, m'mbali mwa msewu wa Malangalanga mpaka pamsika wa Nsungwi ku Area 25, wufa yafika nyumba iliyonse koma yomveka bwino kapena yokhalitsa ndi ya apo ndi apo. Dandauloli choona chake chilipo, kungoti likuloza chala polakwika. Luso lopanga sipika silinabwerere m'mbuyo ngakhale pang'ono. Chimene chasintha ndi chinthu chomwe wogulitsa akugulitsa. Msika wa katundu wochuluka umalipira bwino zinthu zimene wogula angaziweruze m'mphindi ziwiri ataimirira pakhonde la shopu, monga kukuwa, kugunda kwa besi, timagetsi tothwanima ndi nambala yaikulu pakatoni. Zimene zimadziwika munthu atakhala nayo sipikayo mwezi wathunthu msikawu suzilipira. Ndipo ngongole ya kusinthaku ikubwezedwa ndi makutu.

Sipika ya lero imagwirabe ntchito momwe Chester Rice ndi Edward Kellogg a kampani ya General Electric anafotokozera mu 1925. Waya wopyapyala wokulungidwa, amene amakanika amamutcha koyilo, amakhala pakati pa maginito. Magetsi onyamula nyimbo akadutsamo, koyilo imapita kutsogolo ndi kumbuyo n'kumakankha pepala lomwe yamatidwako, pepalalo n'kumakankha mpweya. Khutu la wachinyamata limamva mpweya ukamanjenjemera kuyambira ka 20 mpaka ka 20,000 pasekondi, ndipo muyeso umenewu ndi umene amautcha hertz. Mawu a besi ali kumunsiko, ndipo kuti amveke pamafunika kusuntha mpweya wambiri. Akatswiri opanga masipika ali ndi lamulo limene amalitcha dzina la Josef Anton Hofmann: bokosi laling'ono, besi yakuya ndi kusadya magetsi ambiri sizipezeka zonse zitatu pamodzi, umasankhapo ziwiri. Lamulo limeneli silinasinthe, koma zozungulira sipika zapita patsogolo kwambiri. Ampulifaya za mtundu wa Class D zimasandutsa pafupifupi 90 peresenti ya magetsi kukhala mphamvu yopita ku sipika m'malo mongotentha, maginito a neodymium amene anatulukira m'zaka za m'ma 1980 ndi aang'ono koma amphamvu, ndipo batire ya lithium ndi Bluetooth zachotsa mawaya. Nchifukwa chake banja la ku Mgona lopanda waya wa ESCOM likutha kumvera nyimbo za pa memory card ndi kasola kamodzi ka padenga. Amene amanyoza katundu wotchipa asamaiwale kuti m'masiku a gumbagumba aja nyumba zambiri zinalibe nyimbo n'komwe.

Vuto limayambira pa kagulidwe. Mu 1933 Harvey Fletcher ndi Wilden Munson a ku Bell Laboratories anaonetsa kuti khutu silimva mawu onse mofanana: voliyumu ikakhala yotsika, besi ndi mawu apamwamba kwambiri zimamveka pang'ono, ikakwera zimadzaza. Choncho mukaika masipika awiri pambali n'pambali, yokuwa pang'ono kuposa inzake imamveka ngati yabwino kuposa, ngakhale itakhala yoipa. Wogulitsa sanawerenge Fletcher, koma izi amazidziwa bwino, ndiye amaponda voliyumu mpaka mashelufu kunjenjemera. Wopanga naye, ali kutali ku Guangdong ku China, amadziwa kuti katundu wake akayesedwa motero. Amakonza bokosi ndi bowo lake mwanjira yoti likokomeze kachigawo kamodzi ka besi, kuti gitala ya besi kaya ikwere kaya itsike chomveka chizingokhala "du-du-du" yemweyo. Ndalama amazipulumutsa posaoneka: matabwa opyapyala amene amalira okha m'malo mokhala chete, maginito ochepa, chigawo chamagetsi chofooka, ndi timasipika ta m'mbali tokhala ndi kapepala kamodzi koti kasenze mawu onse a woimba, malipenga ndi zisekese. Katswiri wa zachuma George Akerlof analongosola msampha wotere mu 1970, pofotokoza za msika wa galimoto zakale: wogula akalephera kusiyanitsa chabwino ndi choipa asanalipire, salola kulipira mtengo wa chabwino, ndipo chabwinocho chimachoka pamsika pang'onopang'ono. Kuno kwathu msamphawu wathina chifukwa cha kwacha. Itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, wamalonda wokaoda ku Kariakoo ku Dar es Salaam kapena ku Guangzhou anatsala ndi njira ziwiri, kukweza mtengo mpaka makasitomala a ku Chinsapo athawe, kapena kuoda mtundu wotsikirapo wa katoni yooneka chimodzimodzi.

Ena amati msika ukungopatsa anthu chimene akufuna, poti anthu a m'makomboni amakonda besi basi. Mfundo imeneyi ili ndi kachipongwe mkati mwake, komanso umboni sukuivomera. Floyd Toole, amene anachita kafukufuku ku National Research Council ya ku Canada m'zaka za m'ma 1980, ankabisa masipika kuseri kwa nsalu, kuwalinganiza kuti akuwe mofanana, n'kumafunsa omvera kuti asankhe. Anapeza kuti anthu amagwirizana kwambiri posankha sipika yotulutsa mawu onse mosakondera, yosakokomeza mbali imodzi. Mu 1994 iye ndi Sean Olive anaonetsanso kuti omvera akawaona masipika ndi maso, kukula ndi kukongola kwa bokosi kumasintha chigamulo chawo. Palibe chifukwa choganizira kuti khutu la ku Biwi linapangidwa mosiyana ndi la ku Canada. Kusiyana kulipo n'koti wa ku Biwi sapatsidwa mpata woyerekeza mwachilungamo. Amasankha pakati pa mkokomo wa minibasi, kabaza ndi shopu yoyandikana nayo imene nayo yaponda wufa yake.

Ndiye pali nambala ija. Pakatoni pamalembedwa mawatsi 3,000 kapena 5,000, kenako tizilembo tating'ono ta PMPO. Muyeso umenewu ulibe tanthauzo limodzi logwirizanidwa ndi akatswiri, wopanga aliyense amauwerengera momwe wafunira. Masamu a ku pulaimale okha akwanira kuutsutsa. Magetsi a m'nyumba zathu ndi mavoti 230, ndipo pulagi ya mano atatu imakhala ndi fyuzi ya ma amp 13, kutanthauza kuti kudzera pa soketi imodzi simungadutse mawatsi oposa 3,000. Wufa yodyadi mawatsi 5,000 bwenzi ikutha mayunitsi 5 pa ola lililonse, ndipo palibe mayi wa ku Area 23 amene akanailekerera mpaka madzulo. Chilungamo chimakhala pakasitika ka kumbuyo kwa bokosi, pomwe amalemba magetsi amene chipangizocho chimadya, nthawi zambiri mawatsi makumi owerengeka chabe, ndipo chipangizo sichingatulutse mosalekeza mphamvu yoposa imene chikulandira. Bodza limeneli si lachilendo ndipo silinayambire ku China. Ku America makampani anapikisana pa manambala abodza mpaka bungwe la Federal Trade Commission linakhazikitsa lamulo mu 1974 loti mphamvu ya ampulifaya izilembedwa motengera zimene ingatulutse mosalekeza, zomwe ambiri amazitcha mawatsi a RMS. Kugula wufa pa PMPO kuli ngati kugula chimanga m'ndowa yotiwizidwa kunsi: kunja ikuoneka yodzaza, koma muyeso ndi wa wogulitsa. Bungwe la Malawi Bureau of Standards limayendera masikelo a m'misika ndi mapampu a mafuta pa chifukwa chomwechi, ndipo Competition and Fair Trading Commission ili ndi mphamvu pa malonda osocheretsa ogula. Katoni ya wufa ikuyenera kulowa m'gulu la zinthu zimene mabungwewa amaziyang'ana.

Munthu angaganize kuti poti mawatsiwo ndi abodza ndiye kuti chiopsezo palibe. Ayi ndithu. Sipika wamba ya m'nyumba ikapatsidwa watsi imodzi yokha imatulutsa phokoso la ma decibel 85 mpaka 90 kwa munthu amene ali mita imodzi kuchokera pamenepo, ndipo mawatsi 10 amawonjezera ma decibel ena 10. Tsono yerekezani ndi malire a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO: munthu wamkulu angamvere ma decibel 80 kwa maola 40 pasabata popanda vuto, koma pa 90 nthawiyo imatsika kufika maola 4, pa 100 n'kutsala mphindi 20 zokha pasabata yonse. Kwa ana malirewo ndi otsikirapo, ma decibel 75. Kuwonjezera ma decibel atatu okha kumadula nthawi yotetezeka ndi theka. Mawatsi 20 enieni, m'chipinda chimodzi cha lendi chokhala ndi simenti pansi, makoma opanda kanthu ndi malata opanda siling'i, pomwe mawu amangogunda n'kubwerera, ndi okwanira kudutsa malire onsewa, ndipo khanda logona pamphasa pafupi ndi bokosilo lilibe pothawira. Mkati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, momwe muli timaselo taubweya pafupifupi 15,000 timene timasandutsa kunjenjemera kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso likapitirira timatopa, ndipo ndi nthawi imeneyo pomwe munthu amachoka pa chinkhoswe makutu akulira kapena akumva ngati atsekeka. Mawa lake zimaoneka ngati zatha, koma zikabwerezedwa timaseloti timafa, ndipo mwa munthu sitimeranso. WHO imati achinyamata oposa 1 biliyoni azaka 12 mpaka 35 ali pachiopsezo chotaya kumva chifukwa cha kamvedwe ka nyimbo kotere.

Apa ndi pomwe khalidwe la sipika ndi thanzi la khutu zimakumana, ndipo anthu ambiri sapaona. Mawu akuya amaphimba mawu opyapyala kuposa momwe opyapyala amaphimbira akuya. Zilembo zimene zimapangitsa kuti chilankhulo chimveke, monga s, f, t ndi k, mphamvu yake yambiri ili kumtunda, kuyambira cha m'ma hertz 2,000 kupita m'mwamba, kumene timasipika ta m'mbali tija timafooka. Wufa yokokomeza besi ikamaulutsa mpira wa Silver Strikers kapena ulaliki, mkokomo umamveka koma mawu osagwirika, ndiye dzanja limapita pa voliyumu. Voliyumu ikakwera besi imakwera limodzi, ampulifaya yaing'onoyo imafika pomalizira n'kuyamba kudula nsonga za mawu, kusasa kumayamba, koyilo n'kumatentha. Amakanika a wayilesi pamsika wa Kawale sasowa ntchito ya masipika opsa chifukwa cha zimenezi. Koma khutu nalo, likayamba kuwonongeka ndi phokoso, limayambira cha pa ma hertz 4,000, dera lomwelo limene sipika ikulephera. Munthu wotere amamva kuti anthu akulankhula koma osagwira mawu, makamaka pagulu, ndipo mankhwala amene amadzipatsa ndi kukwezanso voliyumu.

Wina anganene kuti sipika yodula ya m'nyumba za ku Area 43 ingagonthetsenso munthu, ndipo akunena zoona. Khutu limawerengera kukula kwa phokoso ndi kutalika kwa nthawi, za mtengo silidziwa. Mwinanso sipika yoyera mawu ndi yonyenga kwambiri chifukwa sisasa kuti ikuchenjezeni. Choncho kugula zodula si katemera. Chimene sipika yomveka bwino imapereka ndi mwayi womvetsetsa mawu voliyumu ili pansi, mwayi umene mwini wufa yokokomeza alibe. Wayilesi ya Nzeru inali ndi buleki yake: mphamvu inali yochepa ndipo mabatire anali odula, moti bambo ankaitsitsa okha popanda kuuzidwa ndi dokotala. Msika wa lero wachotsa buleki imeneyo osaikapo ina. Ndipo besi simvera malire a poloti. Funde la mawu a ma hertz 50 ndi lotalika pafupifupi mamita 7, limadutsa khoma la njerwa imodzi mosavuta kuposa mawu opyapyala, nchifukwa chake m'nyumba za mdadada woyandikana naye samva nyimboyo koma kugunda kokha. WHO inalangiza mu 1999 kuti m'chipinda chogona phokoso lisapitirire ma decibel 30 kuti tulo tikhale tabwino. Mlonda wogona masana kapena wophunzira wa Fomu 4 wa khomo lachiwiri sanagule nawo wufayo, koma akuilipira nawo.

Kuletsa katundu wotchipa sikungathandize. Kungangolanda nyimbo osauka n'kulemeretsa ozembetsa katundu m'malire. Chosowa ndi muyeso woona pakatoni, komanso ogula amene amayesa mosiyana ndi momwe wogulitsa akufunira. Woyesa mwanzeru amapempha kuti voliyumu itsitsidwe, besi ibwezedwe pakati, ndipo m'malo mwa amapiano aikepo mawu a munthu wowerenga nkhani, n'kuona ngati akugwira liwu lililonse ataima mamita awiri kapena atatu. Amagogoda bokosi kuti amve ngati likulira ngati chitini, amalinyamula kuti aone kulemera kwake, n'kuwerenga kasitika ka kumbuyo. Kunyumba, ngati awiri otalikirana mita imodzi akuchita kukuwa kuti amvane, phokosolo lafika kale cha m'ma decibel 85. Amene makutu awo akulira osaleka, kapena ayamba kufunsa "mwati?" kawirikawiri pagulu, angakayezetse ku ABC Hearing Clinic ya pa African Bible College ku Area 47 kapena ku gawo loona za makutu, mphuno ndi mmero pachipatala cha Kamuzu Central. Kuyezako n'kosapweteka: munthu amavala mahedifoni m'kachipinda kachete n'kumadina batani akamva kulira, ndipo pepala limaonetsa ngati pa ma hertz 4,000 payamba kale kutsika.