Kukonzekera Kujambula Kanema pa Golosale ya pa Chinakanaka

Masiku ano foni ya m'manja yasandutsa ntchito yojambula kanema kukhala yapafupi. Mphunzitsi wa Sitandade 7 kapena 8 angathe kutenga ana ake, napita nawo pamalo a malonda monga pa Chinakanaka m'boma la Mulanje, nakajambula mbiri ya golosale imodzi. M'ntchito yotereyi ana amaphunzira Chicheŵa pofunsa mafunso, Masamu poŵerengera phindu, ndiponso mbiri ya dera lawo. Koma ife aphunzitsi tiyenera kukumbukira kuti malo amene kwa ife ndi phunziro, kwa mwini wake ndi munda umene amadyetsera ana ake. Nchifukwa chake ntchito yaikulu imagona pa kukonzekera, kamera isanayatsidwe.

1. Tisankhe funso limodzi

Kanema wa mphindi zisanu sanganene zonse. Tiwathandize ana kusankha funso limodzi, monga lakuti, "Kodi sopo amayenda bwanji kuchokera ku Limbe kufikira m'manja mwa wogula?" Funso lina lingakhudze mbiri. M'zaka za m'ma 1970 boma lidalamula amalonda Achimwenye kuchoka m'madera a kumidzi ndi kukachita malonda m'mizinda, ndipo malonda a kumudzi adatsala m'manja mwa Amalaŵi eni ake. Akuluakulu amene adaona zimenezi akadalipo. Kapenanso ana angafunse mmene mitengo idasinthira pamene mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

2. Tipemphe chilolezo

Akulu adati safunsa adadya phula. Tiyambe kwa mphunzitsi wamkulu, kenaka tidziŵitse makolo, a mfumu ndi komiti ya msika. Kwa mwini golosale tipite tokha poyamba, popanda ana, kuti ngati sakufuna akane momasuka. Munthu wamkulu amachita manyazi kukaniza ana pamaso. Timufotokozere zinthu zinayi: cholinga chathu, tsiku ndi nthaŵi, chiŵerengero cha ana, ndi anthu amene adzaonere kanemayo. Zimene tagwirizana tizilembe m'Chicheŵa pa mapepala aŵiri, lina likhale lake. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act, lidayamba kugwira ntchito m'Malaŵi mu 2024, koma ngakhale lamulolo likadapanda kukhalapo, ulemu wokha ukadatiuza zomwezi.

3. Zimene sitiyenera kujambula

Pafupifupi golosale iliyonse ili ndi buku la ngongole. M'menemo muli maina a anthu amene adatenga shuga kapena mafuta ophikira poyembekeza malipiro, ndipo mwina ena ndi makolo a ana athu omwe. Tsamba limodzi litaoneka m'kanema, banja lingachite manyazi, ndipo mwini golosale angataye makasitomala amene adawasunga zaka zambiri. Tisajambulenso pamene amasunga ndalama, maloko a zitseko, kapena manambala a anthu otumiza ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba. Kutero nkulozera mbala njira. Wogula aliyense afunsidwe asanajambulidwe, ndipo wokana alemekezedwe.

4. Tikaone malo tsiku lisanafike

Tikaime m'golosalemo kwa mphindi khumi, tikumvetsera ndi kuyang'ana. M'kati mwa masitolo ambiri mumakhala mdima. Choncho wolankhula ayang'ane kukhomo kumene kukuchokera kuŵala, ndipo wojambula afulatire khomolo. Phokoso ndilo mdani wamkulu: maminibasi, njinga zamoto za kabaza, chigayo ndi wailesi ya m'sitolo yoyandikana. Anthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma sapirira mawu osamveka. Foni ikhale pafupi ndi wolankhula, osapitirira mikono iŵiri. Mulanje ndi dera la mvula yambiri, ndipo mvula ikamagwa pa malata palibe chimamveka. Tikhale ndi tsiku lina lapadera. Tipeŵenso tsiku la msika ndi masiku a malipiro, pakuti pamenepo mpamene mwini golosale amapeza phindu lake.

5. Tigaŵe ntchito

Kalasi lonse silingaloŵe m'kachipinda ka mamita atatu. Ana asanu akwanira: wofunsa, wojambula, womvetsera phokoso, wolemba zimene zajambulidwa, ndi wopempha chilolezo kwa ogula. Atsikana agwire nawo kamera, asangokhala olemba chabe. Otsalawo akonze mafunso ndi kujambula pa pepala ndondomeko ya zithunzi: chikwangwani, mashelefu, manja akupereka chenji, nkhope ya wolankhula. Ayesere m'kalasi, wina akhale mwini sitolo. Aphunzire kunena kuti, "Bambo, tatiuzani mmene mudayambira," m'malo mofunsa funso loyankhidwa ndi inde kapena iyayi. Wogula akaloŵa, kujambula kuime.

6. Tibwerere kukathokoza

Kanema akatha, woyamba kumuonera akhale mwini golosale. Akapempha kuti mbali ina ichotsedwe, tichotse popanda kutsutsa. Tisaike kanemayo pa Facebook kapena WhatsApp ngati sitidagwirizane choncho, chifukwa chimene chapita kumeneko sichibwezeka. Pomaliza ana alembe kalata yothokoza ndi kukaipereka okha. Tikatero, chaka chamaŵa mphunzitsi wina akadzagogoda pa golosale yomweyo adzapeza khomo lotsekula.